Kulimbitsa pulasitiki ya sitachi ndi timaulusi ta zomera: zimatheka bwanji, nanga vuto latsala pati?

Kupanga pulasitiki ya sitachi sikufuna nzeru zakuya. Mumatenga sitachi wa chimanga, chinangwa kapena mbatatesi, n'kumuvundula m'madzi, kuthiramo mankhwala ofewetsera otchedwa glycerol pang'ono, kenako kutenthetsa uku mukutakasa. Kutentha kukafika pakati pa madigiri 60 ndi 75, madzi oyera mbuu aja amasintha mwadzidzidzi: amakhuthala, amanata, ndipo amayamba kuonekera mkati. Mukawatsanulira m'mbale yafulati n'kuwasiya aume, pamatsala kapepala kopyapyala kamene mungathe kukamatula ndi chikhadabo.

Mavuto amayamba kapepalako katauma. Kunja kukakhala kouma kwambiri, kamachita gwa, ndipo mukakapinda kamang'aluka. Kukachita chinyezi, kapepala komweko kamafewa, kamamata m'zala, ndipo mukakakoka kamatamuka pang'ono n'kuduka. Mukakasunga masabata angapo kamasinthanso: kamakwinyika, kamayamba kuthetheka, nthawi zina pamwamba pake pamatuluka kamafuta konyezimira. Chinthu chimene khalidwe lake limasintha ndi nyengo chonchi, palibe fakitale imene ingachidalire.

Komabe anthu sanamutaye sitachi, ndipo ine ndikuona kuti achita bwino. Kafukufuku wina wotchuka wa mu 2017 anawerengera kuti pofika mu 2015 dziko lapansi linali litapanga matani pafupifupi 8.3 biliyoni a pulasitiki, ndipo mwa zinyalala zake, pafupifupi 9 peresenti yokha ndi imene inakonzedwanso. Sitachi ndi wotchipa, amalimidwa chaka ndi chaka, ndipo tizilombo ta m'nthaka timamudya mosavuta. Kampani ya Novamont ya ku Italy yakhala ikugulitsa pulasitiki ya Mater-Bi, yomwe muli sitachi, kwa zaka zoposa 30. Koma ngakhale m'menemo sitachi sakhala yekha. Amamusakaniza ndi mapulasitiki ena otha kuwola kuti jumbo lithe kunyamula katundu. Funso lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo n'lakuti, kodi mphamvu imene sitachi alibe ingachokerenso ku zomera zomwezo?

Kuti timvetse yankho, tiyambe taona mkati mwa sitachiyo. Sitachi ndi unyolo wa shuga wotchedwa glucose, ndipo unyolowu uli mitundu iwiri. Amylose ndi wautali, wa nthambi zochepa, ndipo m'mbewu zambiri amakhala pakati pa 20 ndi 30 peresenti. Wotsalayo ndi amylopectin, yemwe ali ndi nthambi zambirimbiri. M'mbewu, maunyolo awa amapanikizana m'timibulu tolimba. Timibulu timeneti sitisungunuka ndi moto wokha, timapsa tisanasungunuke. N'chifukwa chake pamafunika madzi ndi chofewetsera monga glycerol kapena sorbitol, kuti zilowe pakati pa maunyolo n'kuwalekanitsa, azitha kutsetsereka. Kufakitale glycerol amakhala mwina 20 mpaka 35 peresenti ya zonse.

Pa glucose aliyense pali timagulu ta okosijeni ndi haidirojeni, timene akatswiri amatilemba kuti OH. Timagulu timeneti timakokana tokhatokha, komanso timakoka madzi. Nkhani yonse yagona pamenepa. Chinyezi chikachuluka, madzi amalowa n'kukhala chofewetsera chachiwiri chimene palibe anachiitana, ndipo pulasitiki imafooka. Nyengo ikauma madziwo amachoka, maunyolo amagwirana zolimba, pulasitiki n'kuuma gwa. Pakapita nthawi, maunyolo amene moto unawabalalitsa amayamba kubwererana n'kundandalikanso mwadongosolo, ndipo pochita zimenezi amafinyira kunja madzi ndi glycerol. Kamafuta kotuluka pamwamba kaja kamachokera pamenepo.

Cellulose, chinthu chimene chimapanga ulusi wa zomera, nayo ndi unyolo wa glucose yemweyo. Anselme Payen, katswiri wa ku France, ndi amene anayamba kuilekanitsa ndi zinthu zina za m'zomera mu 1838. Kusiyana kwake ndi sitachi kuli pa mfundo yolumikizira basi. Mu sitachi, mfundoyo imachititsa unyolo kupotana. Mu cellulose, glucose aliyense amakhala chotembenuka poyerekeza ndi mnzake, ndiye unyolo umawongoka. Maunyolo owongoka amagona mogundizana, timagulu ta OH n'kuwamanga m'mbali monse, ndipo amapanga timaulusi tothithikana kwambiri moti madzi salowa mkati mwake. Kasiyanidwe kakang'ono kameneka ndi kamene kamachititsa kuti munthu agaye sitachi m'mimba koma alephere kugaya thonje, ndiponso kuti mtengo wautali uime chilili pa mphepo.

Mu 1962 Ichiro Sakurada ndi anzake ku Japan anayeza mmene mbali yothithikana ya cellulose imakanira kutamuka ikakokedwa n'kupeza magigapasikali 137 (gigapasikali ndi muyezo wa kulimba koteroko). Chitsulo chili pa magigapasikali pafupifupi 200, koma n'cholemera kasanu kuposa cellulose. Pulasitiki ya sitachi yofewetsedwa ndi glycerol nthawi zambiri safika ngakhale pa gigapasikali imodzi. Ndiye tili ndi zinthu ziwiri zapachibale, china chofewa ndi chosavuta kuumba, china cholimba koma chosasungunuka. Maganizo ake ndi ofanana ndi a zitsulo za m'konkire: chofewa chipereke thupi, cholimba chinyamule katundu.

Wina angafunse kuti bwanji osangopera mapesi kapena utuchi n'kuthira m'sitachi. Zimenezo zimachitika, ndipo pa zinthu zokhuthala monga mathireyi zimathandiza. Koma ulusi wa chomera mmene ulili ndi waukulu, uli ndi timing'alu ndi timabowo, ndipo wakutidwa ndi lignin ndi hemicellulose, zinthu zina za m'chomera zimene zimamata ulusi pamodzi. M'pepala lopyapyala ulusi wotere umasanduka poyambira kung'ambika. Ukaphwanyidwa mpaka kufika pa timaulusi ta m'lifupi mwa mananomita ochepa, zinthu zimasintha. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Pa msinkhu umenewo zilema zambiri zatsala m'mbuyo, ndipo galamu imodzi yokha imakhala ndi malo okhudzana ndi sitachi okwana masikweyamita oposa 100. Komanso timaulusi timeneti n'tating'ono kuposa mafunde a kuwala kooneka ndi maso, omwe ali pakati pa mananomita 400 ndi 700, choncho tikamwazikana bwino pepala limaonekerabe mkati. Izi ndi zimene zimatchedwa nanocellulose.

Ingachokere ku chomera chilichonse: mitengo, thonje, khonje, masamba a nanazi, thunthu la nthochi, mankhusu a mpunga, mapesi a chimanga, ndi zotsala za nzimbe akaifinya. Thonje ndi cellulose pafupifupi 90 peresenti, pamene mitengo ndi zotsala za nzimbe zili pakati pa 40 ndi 50. Ntchito imayamba n'kuchotsa zosafunika. Amaphika zinthuzo mu soda wamphamvu, sodium hydroxide, kuti hemicellulose isungunuke, kenako amaziyeretsa ndi mankhwala monga sodium chlorite kapena hydrogen peroxide kuti lignin ichoke. Chotsala ndi phala loyera la cellulose. Kuchokera apa njira zimapatukana pawiri.

Njira yoyamba ndi ya asidi. M'kaulusi ka cellulose muli mbali zothithikana ndi mbali zina zotayana, ndipo asidi amayamba kudya zotayanazo. Chizolowezi cha m'malabotale ambiri ndi sulfuric acid wa mphamvu ya 64 peresenti pa madigiri 45, kwa nthawi yosapitirira ola limodzi. Nthawi ikachepa timaulusi sitiduka, ikapitirira zonse zimasanduka shuga n'kuda. Akathira madzi ozizira kuti asidi aleke kugwira ntchito, amatsuka mobwerezabwereza kwa masiku angapo. Zotsala ndi timitengo tating'ono towongoka, ta m'lifupi mwa mananomita 3 mpaka 20 ndi m'litali mwa 100 mpaka 300, totchedwa CNC. Bengt Rånby wa ku Sweden ndi amene anafotokoza za timitengo timeneti toyandama m'madzi cha m'ma 1950. Asidiyo amasiya timagulu ta sulfate pamwamba pake, timene timachititsa kuti timitengoto tizikankhana m'madzi m'malo moundana. Mphatso imeneyi ili ndi mtengo wake, monga tionere kutsogoloku.

Njira yachiwiri ndi ya makina. Phala la cellulose amalikankha mwamphamvu kudutsa pa kampata kakang'ono kambirimbiri mpaka ulusi utanyenyeka m'litali mwake. Zotuluka ndi timaulusi tatitali, tofewa ndi tokolanakolana, totchedwa CNF. Albin Turbak ndi anzake a ku kampani ya ITT Rayonier ku America anafalitsa njirayi mu 1983, koma inkadya magetsi ochuluka zedi moti kwa zaka zambiri sinapite patali. Chimene chinatsegula njira ndi ntchito ya Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a pa University of Tokyo, omwe mu 2006 anaonetsa kuti cellulose ikayamba yadutsa mu mankhwala otchedwa TEMPO, timaulusi timakankhana tokha ndipo timalekana ndi mphamvu yochepa kwambiri. Awiriwa pamodzi ndi Yoshiharu Nishiyama analandira mphoto ya Marcus Wallenberg mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Tsopano tithire timaulusito mu sitachi. Mapulasitiki ochokera ku mafuta a pansi, monga polyethylene, sagwirizana ndi cellulose, ndipo kuti zigwirane pamafunika mankhwala ena olumikizira. Sitachi alibe vuto limenelo. Timagulu take ta OH timagwira ta pa cellulose mwachindunji. Pepala likakokedwa, sitachi wofewayo amapatsira mphamvu yokokayo ku timaulusi tolimba. Mng'alu ukayamba, umakumana ndi kaulusi n'kukakamizika kukhota kapena kuima.

Koma pali china chachikulu kuposa kugwirana kwa kaulusi kamodzikamodzi. Mu 1995 ku Grenoble m'dziko la France, Véronique Favier, Henri Chanzy ndi Jean-Yves Cavaillé anathira timitengo ta cellulose m'pulasitiki yofewa n'kupeza kuti inalimba kuposa mmene masamu a nthawiyo ankanenera. Chifukwa chake chinali chakuti timitengoto tikafika pa mlingo winawake timayamba kukhudzana, n'kupanga ukonde wolimba wofika mbali zonse za pepala. Mlingo umenewo umadalira kutalika kwa kamtengo poyerekeza ndi kunenepa kwake: tikakhala tatitali ndi towonda, tochepa tokha timakwana. N'chifukwa chake gwero la cellulose lili ndi ntchito, ndipo n'chifukwa chakenso CNF kawirikawiri imalimbitsa sitachi kuposa CNC pa mlingo wofanana, ngakhale kuti imakhuthalitsa phala msanga n'kulivutitsa kutakasa. Mu 1998 Alain Dufresne ndi Michel Vignon anaonetsa zimenezi pa sitachi weniweni, pogwiritsa ntchito timaulusi tochokera ku zotsala za mbatatesi: pepala linalimba, ndipo linkamwa chinyezi pang'onopang'ono kusiyana ndi kale.

Za chinyezizi zili ndi chifukwa chomveka. Nthunzi singadutse mkati mwa kamtengo kothithikana, iyenera kuzungulira. Timitengo tikachuluka njira yake imatalika, ndiye imachedwa kutulukira mbali inayo.

Kafukufuku amene ndimamuona kuti ndi wophunzitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi amene zotsatira zake zinali zofooka. Mu 2000 ndi 2001, Neus Anglès ndi Dufresne anathira timitengo ta cellulose m'sitachi wa chimanga wofewetsedwa ndi glycerol. Timitengo tawo tinachokera ku kanyama ka m'nyanja kotchedwa tunicate, osati ku chomera, koma cellulose yake ndi yomweyo, ndipo n'tatitali bwino. Aliyense akanayembekezera pepala lolimba kwambiri. Linalimba pang'ono chabe. Atafufuza anapeza kuti glycerol ndi madzi zinasamuka m'sitachi n'kukaunjikana pamwamba pa timitengo, ndipo amylopectin anaundana mozungulira pamenepo. Kamtengo kalikonse kanakhala ndi chovala choterera, kosatha kugwira sitachi bwino, kosathanso kugwira kanzake. Pambuyo pake Aji Mathew ndi Dufresne atagwiritsa ntchito sorbitol m'malo mwa glycerol, kuunjikana kotero sikunaoneke. Apa zinaonekeratu kuti m'mbalemo muli zinthu zinayi, sitachi, cellulose, chofewetsera ndi madzi, ndipo zonsezo zili ndi timagulu ta OH tolimbirana malo ogwira. Chibale chimene chimathandiza sitachi kugwira cellulose ndi chomwechonso chimakokera glycerol pakati pawo.

Timaulusi natonso timakondana tokhatokha. M'kafukufuku wambiri phindu lalikulu limaoneka pa mlingo wochepa, mwina 1 mpaka 5 peresenti. Mukapitiriza kuthira, timayamba kuundana m'zibuma, pepala limachita timadontho toyera, ndipo chibuma chilichonse chimakhala poyambira mng'alu. Ngakhale zitamwazikana bwino, pepala likamalimba limasiya kutamuka. Pa thireyi zimenezi n'zabwino, koma pa jumbo kapena pepala lokulungira, lomwe liyenera kutamuka lisanang'ambike, ndi vuto.

Pamene ndimaona kuti anthu ambiri olemba za nkhaniyi amathamangapo ndi pa kusiyana kwa labotale ndi fakitale. Zotsatira zokongola zambiri zimachokera m'njira ija yotsanulira m'mbale. M'menemo madzi amauma pang'onopang'ono, ndipo timaulusi timapeza mpata wopanga ukonde. Fakitale singadikire masiku awiri kuti mbale iume. Imagwiritsa ntchito makina otchedwa extruder, momwe chitsulo chopotana chimakanda sitachi pa kutentha kopitirira madigiri 100 n'kumutulutsa m'mphindi zochepa. Kukandako kumagoneka timaulusi mbali imodzi ndipo ukonde supangika mofanana. Timagulu ta sulfate tija, timene tinathandiza m'madzi, pa moto timafulumizitsa kupsa kwa CNC, ndipo pepala limatha kutuluka lofiirira. Ena amathana nazo pothetsa mphamvu ya asidiyo ndi soda, ena amagwiritsa ntchito asidi wa mtundu wina, koma timitengo tawo timaundana msanga.

Palinso nkhani yonyamula. CNF ikangofika 1 kapena 2 peresenti m'madzi imakhala itakhuthala kale moti supuni imatha kuima. Wogula thanki yake ndiye kuti wagula madzi 98 peresenti. Mukaiumitsa kuti ipepuke, timaulusi timamatana zolimba, ndipo mukathiranso madzi sitilekananso bwinobwino. Pali njira zoumitsira mozizira kwambiri kapena mopopera zimene zimachepetsa vutoli, koma zimakweza mtengo. Apa sitachi ali ndi mwayi umene mapulasitiki ena alibe. Popeza iye amafuna madzi pokonzedwa, nanocellulose ingalowe m'makina ili yonyowa, madzi ake omwewo n'kuthandiza kuphika sitachi, otsalawo n'kutuluka ngati nthunzi. Kwa ine ichi ndi chifukwa champhamvu kwambiri chokhulupirira kuti ukwati wa ziwirizi ungagwire kufakitale, makamaka ngati timaulusi tikupangidwa pafupi ndi pamene pulasitiki ikupangidwira.

Vuto la madzi lokha silinathe, ndipo tisanamizane. Nanocellulose imachedwetsa chinyezi, siichiletsa, chifukwa pamwamba pake payokha pamakoka madzi. Pepala la sitachi ndi nanocellulose likakhala louma limatchinga okosijeni bwino kwambiri, kuposa polyethylene, ndipo zimenezi n'zofunika pa zakudya zamafuta zimene zimawonongeka ndi mpweya. Koma chinyezi chikakwera, maunyolo amatayana ndipo ubwinowo umachoka. Pa kutchinga nthunzi, polyethylene ikadali kutali kwambiri. Njira zothandizira zilipo: kumanga maunyolo a sitachi ndi citric acid, kuveka timaulusi mankhwala okana madzi, kusakaniza ndi mapulasitiki ena owola, kapena kukuta pepala ndi phula. Iliyonse imawonjezera mtengo, ndipo ina ikapitirira muyezo imachedwetsa kuwola, komwe ndi chifukwa chimene tinayambira ntchito yonseyi.

Mawu akuti "yowola" nawonso ali ndi malire. Muyezo wa ku Europe wa EN 13432 umafuna kuti 90 peresenti ya chinthucho iwole m'miyezi 6, ndiponso kuti pakatha masabata 12 chikhale chitanyenyeka moti 90 peresenti idutse pa sefa ya mamilimita 2. Koma zimenezo zimayesedwa m'mikhalidwe ya fakitale ya manyowa, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 58. Sitachi ndi cellulose pazokha zimawola ngakhale m'nthaka wamba. Zosakanizidwamo ndi zimene zingafune kutentha kotero, choncho kudziwa zonse zimene zili m'pepala n'kofunika kuposa dzina lolembedwa pamwamba.

Ndiyeno pali mtengo umene chilengedwe chimalipira popanga timaulusito. Asidi wamphamvu, madzi ambiri otsukira, mankhwala oyeretsera ndi magetsi, zonsezi ziyenera kuwerengedwa. Fakitale yosabweza asidi wake ingawononge mtsinje pofuna kupulumutsa nyanja ku majumbo. Mafakitale aakulu alipo ndithu: CelluForce inatsegula ya CNC ku Windsor m'chigawo cha Quebec mu 2012, yotha kupanga tani imodzi patsiku, ndipo Nippon Paper inayamba kupanga CNF ku Ishinomaki mu 2017, matani 500 pachaka. Ziwerengerozi n'zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi matani oposa 400 miliyoni a pulasitiki amene dziko limapanga chaka chilichonse. Zotsala za m'munda nazo si zaulere monga mmene ena amalembera. Mapesi amadyetsa ziweto ndipo amabwezera chonde m'nthaka, pamene zotsala za nzimbe zimakolezera moto m'mafakitale a shuga. Gwero labwino ndi zinyalala zimene zaunjikana kale pamalo amodzi ndipo zilibe ntchito ina, kuphatikizapo zotsala za m'mafakitale a sitachi omwewo, chifukwa chinangwa kapena mbatatesi akazifinya pamatsala ulusi wokhala ndi cellulose.

Njira imene ine ndimaiona kuti ili ndi tsogolo ndi yosiya lignin ina pa timaulusi m'malo moichotsa yonse. Mankhwala amachepa, timaulusi totuluka timachuluka, ndipo lignin imakana madzi pang'ono komanso imatchinga cheza cha dzuwa. Pepala limatuluka lofiirira, koma pa timiphika tofesera mbande kapena pulasitiki yoyala m'munda, mtundu ulibe kanthu. Ntchito ngati zimenezi, pamodzi ndi mathireyi, zotetezera katundu m'makatoni ndi timapaketi ta zinthu zouma, ndi zimene zikuyenerana ndi sitachi wolimbitsidwa: zinthu zokhala nthawi yochepa, zosasunga madzi, zovuta kutolera kuti zikakonzedwenso. Botolo la madzi kapena paketi ya mkaka si malo ake.

Mukamawerenga kuti akatswiri ena alimbitsa pulasitiki ya sitachi kawiri kapena katatu, chiwerengerocho chingakhale choona, koma funsani kuti pepalalo analiyeza pa chinyezi chotani. Miyezo yambiri imachitika pa madigiri 23 ndi chinyezi cha 50 peresenti, pamene m'madera otentha nyengo ya mvula chinyezi chimapitirira 80. Funsaninso ngati linatuluka m'mbale kapena mu extruder, ngati linatamukabe litalimba, ndiponso ngati analiyezanso patapita mwezi umodzi kapena itatu, maunyolo a sitachi atabwererana.